Hatchi ya ku Joni imene inkamva Chichewa

Kuno ku Dedza ukauza munthu kuti umatsatira mjaha wa mahatchi, amayamba wakuyang'ana kumapazi, kenako n'kufunsa kuti, "Ndiye mwadyapo zingati?" Kwa ambiri nkhani ya mahatchi ndi juga basi, mkulu wake wa kandege kaja kamaliza ndalama za anyamata pa foni. Ena amangoseka. Mnzanga wina wogulitsa mbatatesi pa Bembeke anandifunsa ngati hatchiyo ndinaionapo ndi maso angawa. Ndinamuyankha zoona: kamodzi kokha, pa phiri la Zomba tili pa ulendo wa sukulu, ndipo inali nkhalamba, ikungodya udzu osalabadira za ife. Hatchi yeniyeni ya mjaha sindinaikhudzepo, ngakhale fungo lake sindilidziwa. Komabe Loweruka loyamba la July, tsiku la mjaha waukulu wa Durban July ku South Africa, likamayandikira, nyengo imene chisanu chimatsika m'phiri la Dedza n'kulowa mpaka m'mafupa, ine tulo timavuta. Bandulo ndimagula Lachisanu, foni ndimatchajiratu m'mawa poopa kuzima kwa magetsi, ndipo kunyumba amadziwa kuti cha m'ma 4 koloko madzulo asanditume kuchigayo.

Matendawa ndinawatengera kwa amalume, alongo awo a mayi anga. Iwo anapita ku Joni mu 1997, pa mabasi aja odutsa pa chipata cha Dedza, kulowa Mozambique, kuoloka Zambezi pa Tete, Zimbabwe yense mpaka Beitbridge. Anayamba ndi ntchito imene Amalawi ambiri amayambira, yosamalira maluwa pakhomo pa bwana wina. Patatha chaka, mnyamata wina wa cha ku Tsangano anawatengera ku makola a mahatchi a mjaha kumene kunkafunika munthu wowola ndowe. Ku Joniko anakhala zaka 14 zonse pamodzi. Pobwera mu 2011 abale tinkayembekezera galimoto, zikavuta malata okwanira nyumba. Anatsika basi ndi sutikesi imodzi, mabulangete awiri, chipsera cha mano paphewa, ndi mulu wa timabuku totchedwa Computaform tomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Mayi anakhumudwa osabisa. Ine ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndikungozungulira pakhomo, ndiye timabuku tija ndinatimasula.

Munali manambala ang'onoang'ono okhaokha, othithikana ngati nyerere pa shuga. Chizungu cha amalume ndi cha pamsewu, nyuzipepala sawerenga, koma manambala amenewo ankawawerenga ngati wansembe pa guwa. Chala chawo chinkayenda pa mzere umodzi n'kundiuza moyo wonse wa hatchi: inathamanga liti, mtunda wanji, inasenza makilogalamu angati, inatulukira khomo liti poyamba mjaha, inatsalira kumbuyo kwa wopambana motalika bwanji. "Iyi usaione kuti inakhala ya nambala 7, mphwanga. Taona khomo limene inatulukira, la kunja kwenikweni. Inayenda ulendo wautali kuposa anzake onse." Tsiku limenelo ndi limene ndinazindikira kuti mu mjaha wa mahatchi kuthamanga kwenikweniko ndi mphindi ziwiri zokha, zina zonse ndi kuwerenga, kutsutsana ndi kudikira.

Ntchito yawo kumeneko amaitchula kuti groom. Ankadzuka 4 koloko m'bandakucha, chisanu cha ku Johannesburg chimene amati cha kuno n'chibwana. Choyamba si kuwola ndowe ayi, koma kusuzumira m'chodyeramo. Hatchi ikasiya chakudya ndiye kuti china chake chalakwika, ndipo mphunzitsi wake ayenera kumva dzuwa lisanatuluke. Chachiwiri ndi miyendo. Amalume amaonetsa mpaka lero mmene ankachitira: kugwada, kutsetsereza chikhatho kuchokera pa bondo kufika pa chiboda, mwendo ndi mwendo, kufunafuna pamene patentha kapena patupa. Kenako kupesa, kumanga chishalo, kuipereka kwa woikwera, kuilandira itanyowa thukuta, kuiyendetsa mpaka mpweya utabwerera, kuisambitsa. Madzulo zomwezo. Lamulungu, Khirisimasi, hatchi siidziwa zimenezo. Chipsera cha paphewa chija inawapatsa ndi yamphongo ina imene sinkafuna kuti munthu aidutse kumanzere ikamadya.

Mtundu wa mahatchi amenewa, thoroughbred, ndi wopangidwa ndi anthu mwadala, monga momwe alimi amasankhira mbewu. Onse padziko lapansi, ukalondola kuchimuna, umakathera pa mphongo zitatu zimene zinapititsidwa ku England kuchokera kumaiko a Aluya ndi Aturuki zaka zoposa 300 zapitazo kapena kuyandikira pamenepo: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Mwa zitatuzi, Darley Arabian ndiye kholo la pafupifupi onse amene akuthamanga lero, kudzera mwa mdzukulutuvi wake Eclipse wobadwa mu 1764. Buku lolembamo mibadwo yawo linayamba mu 1791, ndipo hatchi imene makolo ake mulibe m'mabuku otere siiloledwa pa mjaha, ngakhale itathamanga ngati mphepo. Mwana wa jakisoni, monga amachitira alangizi ndi ng'ombe za mkaka, salembedwa. Mphongo ndi thadzi ziyenera kukumana zenizeni. China chimene chinandiseketsa ndi tsiku lobadwa. Ku South Africa ndi maiko ena a kum'mwera kwa dziko, hatchi iliyonse ya mjaha imawonjezera chaka pa 1 August, kaya inabadwa September kaya November. Ku Ulaya ndi ku America ndi pa 1 January.

Azungu amatchuka ndi kutamanda bambo wa hatchi, ndipo mphongo yodziwika imalipiritsa ndalama zoopsa kuti ikwere thadzi limodzi. Koma amalume anandionetsa tsamba la buku la kumsika wa ana a mahatchi. Bambo amangomutchula pamwamba, mizere yochepa. Tsamba lonse lotsala ndi mayi, mayi wa mayiyo, agogo aakazi a agogowo, ndi ana onse amene aliyense anabereka. "Waona? Pa ndalama zenizeni amafunsa kuchikazi. Anthu amenewa ndi Achewa, kungoti sadziwa." Kuyambira pamenepo ndikamva dzina la hatchi yatsopano ndimayamba ndafufuza mbumba yake.

Anthu amandifunsa chifukwa chake kuno kulibe mahatchi pamene abulu ali mbwee, kukoka ngolo za njerwa ndi manyowa kuyambira ku Linthipe mpaka ku Lobi. Ndalama ndi chifukwa chimodzi, koma palinso matenda. M'zigwa zotentha kashembe ankapha mahatchi kalekale. Ndiye pali nthenda ina ya mahatchi ya mu Africa muno, yofalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu timene timaluma madzulo ndi m'mawa. Bulu amalimba nayo, hatchi yopanda katemera kawirikawiri imafa. Nthenda yomweyi yasautsa ngakhale a ku South Africa, chifukwa kwa zaka zambiri hatchi yawo inkati ikafuna kukapikisana kunja inkayamba yatsekeredwa miyezi, nthawi zina pa chilumba cha Mauritius, maiko ena asanailandire.

Mjaha umene ndimadikira chaka chonse ndi Durban July, pa bwalo la Greyville mumzinda wa Durban. Unayamba mu 1897, ndipo masiku ano ndi wa mamita 2,200, mahatchi 18. Ambiri amene amaumva amaudziwa chifukwa cha zipewa ndi madiresi a akazi otchuka, zimene kwa ine ndi nthawi yokawotha moto. Chokoma chake n'choti mahatchi sasenza katundu wofanana. Imene yaonetsa mphamvu kwambiri m'mbuyomu amaisenzetsa wolemera, pamene zina zimapepukidwa ndi makilogalamu angapo. Joki, wokwera hatchi pa mjaha, amakwera sikelo atanyamula chishalo chake, ndipo akapepuka amamuwonjezera timapale ta mtovu m'thumba la pansi pa chishalo. Akamaliza mjaha amakweranso sikelo. Wina anganene kuti makilogalamu 5 n'chiyani pa nyama yolemera pafupifupi makilogalamu 500. Ameneyo sanakwerepo chitunda cha ku Bembeke pa njinga, thumba la mbatatesi lili kumbuyo. Pansi pa chitunda ndowa imodzi yowonjezera siimveka. Pamwamba ndi imene imakutsitsa. Bwalo la Greyville nalonso ndi lopanikiza, njira yowongoka yomalizira ndi yaifupi, choncho hatchi yabwino ikhoza kutsekerezedwa pakati pa anzake n'kupeza mpata zinthu zitatha kale.

July woyamba kuuonera ndi maso anali wa 2013, ndipo unagwa pa 6 July, tsiku la ufulu wathu. Tinayenda ndi amalume kupita pa boma, pa bala ina imene inali ndi DStv. Anthu anali ataledzera kuyambira m'mawa. Mwini bala anakana kusintha tchanelo mpaka amalume anamugulira botolo, n'kulonjeza kuti ndi mphindi khumi zokha. Chithunzi chitasintha panabuka phokoso. "Tichotsereni abulu a azunguwa!" Mkulu wina wa jekete lachikopa anafunsa ngati tabwera kudzatsegula tchalitchi chatsopano. Amalume sanayankhe. Anakokera mpando kutsogolo, chipewa chili pabondo, n'kumayang'ana mahatchi akuzungulira asanapite koyambira. Ankayang'ana makutu, thovu loyera pakati pa miyendo yakumbuyo, ndiponso ngati chiboda chakumbuyo chikuponda kupitirira pamene chakutsogolo chachoka. Ndi maso omwewo amene amasankhira ng'ombe ya ngolo pamsika.

Zitseko zitatseguka, bala yonse inangoti zii yokha, popanda woiuza. Sindidziwa kuti n'chiyani chimagwira munthu mahatchi ochuluka chotere akamabwera pamodzi pa liwiro la makilomita 60 pa ola, koma chinagwira ndi oledzera omwe. Pokhota komaliza mkulu wa jekete uja anali ataimirira, akukuwira hatchi imene dzina lake sankalidziwa. Inapambana Heavy Metal, yophunzitsidwa ndi Sean Tarry. Kamera itayandikira nkhope ya joki, wina kumbuyo anati, "Aa! Ndi munthu wakuda uyu!" Anali S'manga Khumalo, mnyamata wa ku KwaMashu, komboni ya ku Durban komweko, munthu wakuda woyamba kupambana mjaha umenewu patatha zaka 116 chiuyambireni. Bala inasokosera ngati Flames yagoletsa. Mwini bala anaiwala za mphindi khumi zija.

Ine ndinatembenuka kuti ndione amalume. Iwo sankayang'ana Khumalo. Ankaloza ndi chibwano munthu amene anabwera kudzagwira chingwe cha hatchiyo poilowetsa pa malo a opambana. "Uyo. Ameneyo sanagone usiku wathawu." Wolengeza anatchula mwini hatchi, mphunzitsi, joki, ngakhale amene anaiweta ili mwana. Tikubwerera kunyumba mumdima, manja ali m'khwapa, anandiuza za 2002, chaka chimene Ipi Tombe, thadzi lobadwira ku Zimbabwe, linagonjetsa mphongo pa July yemweyu lisanapite kukapambananso ku Dubai chaka chotsatira. Akuti anzawo a ku Zimbabwe a m'makola anavina usiku wonse ngati hatchiyo ndi mlongo wawo, chonsecho panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaigwirapo.

Kunyumba ali ndi chithunzi chimodzi, chosungidwa m'Baibulo. Hatchi yofiirira ili pakati, joki pamsana, azungu anayi ovala bwino akumwetulira. Kumphepete kumanja kukuoneka dzanja logwira chingwe, phewa la ovolosi, ndi theka la nkhope. Theka limenelo ndi amalume. Wojambula anawadula. Iwo sadandaula nazo, amangoti dzanjalo ndi lawo ndipo aliyense wodziwa mahatchi akhoza kuona kuti chingwe chagwidwa bwino. Ine ndi amene zimandiwawa, ndipo pena ndimadzifunsa ngati n'koyenera kukonda masewera amene anadya zaka 14 za munthu n'kumubweza ndi mabulangete awiri. Yankho labwino ndilibe. Chaka chikatha ndimapezeka ndagulanso bandulo.

Za juga ndisanamizire kuyera. Mjaha wa mahatchi umayendera ndalama za obetcha, ndipo mbiri yake ili ndi zonyansa. Mu 1966, kutatsala milungu itatu kuti July achitike, munthu wina anawombera ndi mfuti Sea Cottage, hatchi imene aliyense ankati ipambana, ndipo nkhani yake inali ya kubetcha komweku. Chipolopolo chinakhalira m'thako, koma inathamangabe n'kukhala yachinayi. Chaka chotsatira inabwerera n'kufika pa mzere limodzi ndi Jollify, osasiyana ngakhale pa chithunzi, itasenza katundu wolemera kwambiri kuposa mnzakeyo. Nkhani imeneyi amalume amaikamba ngati anali pomwepo, pamene nthawiyo anali mwana woweta mbuzi ku Mayani.

Ine ndinagwa kamodzi, mu 2020. Do It Again inali itapambana July wa 2018 ndi wa 2019, ndipo ndinadziuza kuti ndawerenga mokwanira, kachitatu n'kosapeweka. Chaka chimenecho mjaha unachedwa mpaka kumapeto kwa mwezi chifukwa cha Covid, ndipo unachitika m'bwalo mopanda anthu. Ndinatumiza ndalama ya thumba la feteleza wa mbatatesi kwa msuweni wanga ku Joni kuti andiikire. Inapambana Belgarion, ya khola lomwelo la mphunzitsi Justin Snaith, ngati kundinyogodola. Mayi a kunyumba sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Bambo a Chisomo, ndiye hatchiyo ibwera kudzathira manyowa kudimba?" Amalume atamva anaseka mpaka kutsokomola. Pa zaka 14 zonse zija, akuti, anaona anzawo odziwa chinsinsi chilichonse cha m'khola akutha malipiro Loweruka lililonse, chifukwa hatchi imene ukuidziwa bwino ndi imodzi, pamene zina 17 ukungozimva. Chimene ndinaona n'choti mjaha umenewo sindinauonere n'komwe. Maso anga anali pa hatchi imodzi, zina zonse zinali adani. Ndinachita kuubwereza pa YouTube patapita masiku kuti ndione mmene unayendera. Sindinabetchenso, osati chifukwa cha kupemphera, koma chifukwa zinandilanda mphindi zanga ziwiri.

Chaka chotsatira ndinasangalala popanda tambala m'thumba la wina aliyense. Kommetdieding, hatchi yogulidwa motchipa, ya khola laling'ono la bambo ndi mwana wake wamkazi, Harold Crawford ndi Michelle Rix, inagonjetsa za anthu olemera. Mu 2022 Khumalo anapambananso, pa thadzi lotchedwa Sparkling Water, ndipo mu 2023 anali Kabelo Matsunyane pa Winchester Mansion. Nthawi imeneyi palibe anadabwa ndi khungu la joki.

Chifukwa chenicheni chimene amalume anabwerera kumudzi anandiuza mochedwa, tikukumba mbatatesi, osandiyang'ana. Pa mahatchi atatu amene ankasamalira panali thadzi lina, lija la pa chithunzi. Dzina lake la m'mabuku linali lachizungu, koma iwo ankalitcha Nangozo, chifukwa akuti linali ndi matama ngati mwana wa kwa Gomani. Linali lovuta, lomenya mateche, ndipo anthu ena linkawakana. Iwo ankalilankhula Chichewa. "Taima Nangozo, usandichititse manyazi." "Kweza mwendo, mayi." Ndipo linkakweza. Mphunzitsi anayesapo mawu omwewo, lilime likumupindika, hatchi n'kungomuyang'ana. Usiku wa mabingu ankakagona pa udzu pakhomo pa khola lake, akuliyimbira nyimbo za kwayala ya kwawo motsitsa mawu.

Linathyoka mwendo wakutsogolo pa mjaha wamba wa pakati pa sabata, wopanda zipewa ndi makamera ambiri. Miyendo ya mahatchi amenewa kumunsi kwake ndi yowonda, mnofu palibe, fupa ndi mitsempha basi, ndipo pa liwiro lonse pamakhala kamphindi pamene thupi lonselo limatsamira pa mwendo umodzi. Fupa likaphwanyika kwambiri palibe pulasitala imene ingathandize. Hatchi singagone pansi milungu ngati munthu m'chipatala, ndipo ikaimira miyendo itatu nthawi yaitali ziboda zinazo zimayamba kuwonongeka. Ndiye amabwera ndi chinsalu chotchinga kuti anthu asaone, dokotala wa ziweto n'kubaya jakisoni. Amalume anathamanga kuchokera kumene anaima mpaka pamalopo, n'kupeza Nangozo ataima ndi miyendo itatu, akunjenjemera. Anagwira mutu wake n'kumulankhula mpaka anagwa. Anabwerera kukhola ndi chingwe chokha m'manja. Mawa lake m'khola lomwelo munalowa hatchi ina, ndipo iwo anaisamalira bwinobwino miyezi isanu, kenako anakagula tikiti ya basi. Ndinawafunsa kuti anamuuza chiyani pa mapeto. Anati, "Za pakati pa ine ndi iye," n'kupitiriza kukumba.

Ndi chifukwa chake ndikamaonera mjaha ndimawerenga mahatchi kawiri, potuluka ndi pofika. Akakwana ndiye ndimayamba kufunsa kuti wapambana ndani.

Maso a amalume tsopano achita khungu pang'ono, ng'ala yayamba, ndipo foni yanga kwa iwo ndi kuwala chabe. July wathayu tinakhala pa chulu cha kuseri kwa nyumba yawo, pamene netiweki imagwira bwino, titafunda bulangete limodzi mwa awiri aja. Ine ndinali maso awo. Sankafuna kumva za mitengo ya obetcha. "Nambala 4 ikuyenda bwanji? Makutu ali kutsogolo? Amene waigwirayo chingwe wachifupikitsa kapena wachitayirira?" Ndikayankha ankangoti "Mmm," nthawi zina "Ameneyo akuiopa, ndipo iyo yadziwa." Mjaha utayamba anatseka maso n'kumamvetsera wolengeza, chala chikugunda pa bondo mofanana ndi ziboda. Pakati pa mjaha chithunzi chinaima, kabwalo kaja kakungozungulira pa foni, ndipo chitabwerera zonse zinali zitatha. Ndinatukwana. Iwo anangofunsa kuti, "Afika onse?" Ndinabwereza kumapeto n'kuwerenga. Anafika onse.

Tikutsika pa chulu tinakumana ndi mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo akuchokera kudambo ndi ngolo ya abulu awiri, atawamanga goli la ng'ombe monga amachitira ambiri kuno, khosi la mmodzi litanyuka mpaka kufiira. Amalume anamuimitsa. Anamuuza kuti goli ndi la ng'ombe chifukwa ng'ombe ili ndi linunda, bulu amakoka ndi chifuwa, ndipo mawa abwere ndi matumba akale ndi lamba amusokere chomangira china. Mnyamatayo anati chabwino agogo, koma akuthamangira kwina. Iwo anali atagwada kale m'fumbi, chikhatho chikutsetsereka kuchokera pa bondo la bulu kupita ku chiboda. Anamaliza mwendo woyamba, n'kusunthira pa wachiwiri. "Kweza, mayi," anatero, ndipo buluyo anakweza.